Dyuki wa pa Chitini cha Mabatani

Anafika m'belo la salaula, Lachiwiri,
pakati pa majuzi onunkha chinyezi cha kwawo:
chitini cha mabisiketi chopanda bisiketi,
nkhope yake pachivindikiro.
Ndevu zosongoka ngati khasu lakutha,
khosi lozingidwa ndi nsalu yoyera yopindapinda
ngati mutu auika pambale.
Pansi pake zaka ziwiri, kamzere pakati.
Dzina linadyedwa ndi dzimbiri.

Tikambenji, mwana wa mng'ono wanga,
amene amawerenga ngakhale pepala lokulungira kapenta,
anatembenuza chitini nandiwerengera kumbuyo.
Akuti uyu ndi dyuki. Si mfumu ayi,
koma wogwadira mfumu kamodzi pachaka
kuti masiku ena onse anthu azigwadira iye.

Akuti anakhala pampando ali ndi zaka zisanu ndi zinayi,
mapazi asanafike pansi.
Amalume ake ankamugwira dzanja posaina
mpaka dzanjalo linakula
ndi kusaina kalata yotsekera amalumewo m'ndende.
Anakwatira mkazi amene anangomuona pachithunzi
chifukwa mkaziyo ankabwera ndi mtsinje
ndi midzi khumi ndi iwiri.
Anaika msonkho pa mchere.
Anaika msonkho pa mawindo,
anthu natseka mawindo ndi njerwa, nakhala mumdima
kuti iye amange mlatho wa miyala.
Nkhondo anamenya zitatu. Ina anapambana, ina anagula,
yachitatu sitikudziwa,
mpomwe chitini chinaphwanyikira.
Ana ake aamuna anayi anawaika yekha m'manda.
Anafa ndi chilonda cha kuphazi, m'nyengo yozizira,
akufunsa ngati denga la tchalitchi latha.

Ine ndinaseka. Ndinati, Tika, ameneyu ndikumudziwa.
Si Sinoya uyu, wa komiti ya pamsika,
amene anayamba ndi kunyamulira anzake chikwama,
lero akuyenda ndi kabuku ka malisiti opanda chidindo?
Faifi kwacha tsiku ndi tsiku, akuti ya ngalande.
Ndipo ngalandeyo, tisaname, anakumbadi.
Chaka chino madzi sanatikwere m'matebulo.
M'mawa ndimamutukwana chamumtima,
madzulo ndimawoloka pa kamlatho kake ka matabwa
nsapato zili zouma.

Tsono dyuki amakhala pansi pa tebulo langa ku Soweto.
M'mimba mwake ndimasungamo mabatani, singano,
tindalama tachitsulo timene makondakitala amakana.
Fumbi la Ogasiti likamutuwitsa ndevu
ndimamupukuta ndi nsonga ya chitenje.
Palibe amene anamufunsa ngati akufuna kuona Lusaka.

Ogula akasowa ndimamuyang'ana.
Wojambula anamupatsa maso otopa,
a munthu amene wachezera kuwerenga ndalama
napeza zaperewera.
Ndimafuna kumufunsa za mkazi wobwera ndi mtsinje uja,
ankamuitana dzina lanji akatsala awiri.
Nanga anthu otseka mawindo aja,
atamva belu la maliro,
anagumula njerwa tsiku lomwelo
kapena anali atazolowera?
Chitini sichinena. Malo anathera pa dzina la fakitale
ndi tsiku limene mabisiketi adzaonongeke.

Dzulo mayi wina wa ku Kabulonga anafuna kumugula.
Akuti n'chinthu chakale, akachiika pashelefu.
Anatchula mtengo wa majuzi atatu.
Ndinaganiza za lendi ya ku Kanyama.
Ndinaganizanso za mabatani anga, ndikawaika kuti.
Ndinati, mubwere Loweruka.

Lero Lachisanu.
Sinoya waima kale patebulo langa, akunyambita cholembera.
Ndagwira dyuki pachibwano, ndamutsegula,
ndafufuza pansi pa singano.
Walipira faifi kwacha
osanena kanthu.